Maola Awiri ndi Malume a Esitere

Inu a Phiri, tasiyani kaye bawoyo mundiyang'ane kumaso kuno, chifukwa ndakuonani mukutsinzinira a Banda pamene ndanena kuti ine ndinakwezapo galimoto kumwamba. Chifikireni pano mwakhala mukulira kuti ku Limbe akumangirani tayala chifukwa choimika galimoto pamalo olakwika, ngati kuti mwaona malodza. Mwaona chiyani inu? Malamulo oimikira galimoto ndinawaona ine, Lazaro Mbewe, ku Nairobi, ndipo ngakhale ndinawagonjetsa onse, mpaka lero sindinawamvetse. Amene akuti ndi bodza anyamuke pompano akafunse mayi a kunyumba, ali pakhondepo akusankha nyemba. Ayi, musapite panopa, yambani mwamva kaye kwa ine.

Zaka zimenezo, ma 90 akupita kumapeto, ndinali dalaivala wa bungwe lina la mpingo lomwe ofesi yake inali cha ku Gigiri, ine ndikugona m'kachipinda ku Roysambu, koti ukatambasula miyendo chitseko chimatseguka chokha. Galimoto imene ndinkayendetsa inali yoyera, ya matayala onenepa, ndipo pachitseko panali chizindikiro cha bungwelo, chachikulu ngati lichero. Ndiye kutchalitchi kumene Amalawi tinkakumana Lamulungu kunali mtsikana wina, Esitere, wa ku Dedza, sekilitale pa ofesi ina kumeneko, woti akamwetulira ine ndinkaiwala giya imene ndili. Tinagwirizana. Koma Esitere, mwana woleredwa bwino, anati palibe ukwati popanda mawu a malume ake, a Chisale, ahedi opuma pantchito, munthu amene akangotsokomola sukulu yonse inkakhala chete. Ndinawalembera kalata yodzidziwitsa, ndipo m'kalatamo cholembera chinaterereka n'kulemba kuti ndili ndi galimoto yangayanga. Cholembera, a Phiri, osati ine.

Mwezi usanathe tinangomva kuti a Chisale akubwera ku Nairobi ku msonkhano wa akuluampingo, ndipo okonza msonkhanowo awagoneka pa hotela ina yaikulu m'mbali mwa msewu wa ku Thika, zija zokhala ndi bwalo la masewera mkati momwemo, akatungwe, ngamila, maiwe osambiramo, zonse mumpanda umodzi. Anatumiza mawu akuti ali ndi tsiku limodzi lokha lopuma, Loweruka, ndipo akufuna amuone ndi maso munthu wa galimotoyo, akakhutira avomera, akapanda kukhutira Esitere alongedze abwerere nawo kumudzi. Mukumva? Loweruka limodzi, ukwati wanga wonse uli pamenepo. Ndinapempha a Kamanga, akatekisiti athu, kuti andiimire ngati ankhoswe, popeza kumene ulibe abale katekisiti ndiye malume ako. Galimoto ndinaitenga ku ofesi ponena kuti ndikukaitsukitsa, ndipo chizindikiro chija ndinachipaka njereza kawiri mpaka chitseko chinayera mbee.

Tinafika pageti teni koloko yam'mawa. Pamenepo panaima askari, kumeneko mlonda amamutchula choncho, wamtali woti ine ndinkalankhula ndi lamba wake, m'manja atanyamula chitsulo chachikasu cha mano, chomangira tayala, akuchisisita ngati kamwana ka galu. Anandifunsa ngati ndabwera kudzagona, ndinati ayi, ngati ndabwera kudzadya, ndinati ayi, ngati ndabwera kudzasewera, ndinati ayi, ine ndabwera kudzakwatira. Anayang'ana pachikwangwani nthawi yaitali, kenako anati odzakwatira palibepo. Chikwangwanicho, abale anga, chinali chachitali kuposa geti, ndipo chinkati ogona pa hotela aimike pa mizere yoyera tsiku lonse, odzadya aimike pa mizere yobiriwira maola atatu koma tikiti yawo ikhale ndi chidindo cha kukhitchini, odzasewera aimike pa mizere yofiira mpaka madzulo koma akhale ndi chibangili cha kubwalo, odzacheza ndi alendo ogona aimike pa mizere yachikasu maola awiri basi, wofuna kusintha mzere ayambe watuluka pageti, wotuluka pageti salowanso tsiku lomwelo, ndipo galimoto iliyonse yopezeka itaima kupyola nthawi yake imangidwa tayala, mwini weniweni aimbiridwa telefoni. Ndinawerenga katatu, a Kamanga anawerenga kawiri ndi magalasi, kamodzi atawavula, ndipo chimene tinatolapo tonse awiri ndi mawu aja akuti mwini weniweni. Askari anatidindira tikiti, anatiloza mzere wachikasu, n'kuimika zala ziwiri pamphuno panga: "Masaa mawili, mzee." Maola awiri. A Kamanga anati ndisadandaule, nkhani ya ukwati siitha ola, koma iwo anakwatira kalekale, anali ataiwala.

A Chisale tinawapeza pakhonde la hotela atavala jekete lakuda, ndodo ili pakati pa miyendo, Esitere atakhala chapatali maso ali pansi. Inu mukudziwa mmene munthu wodzaonekera amakhalira: manja pakati pa mawondo, pakamwa potseka, ndipo mlendo satchula chimene wadzera mwini malo asanamufunse. Wotchi ndinali nditaivula, chifukwa Esitere anandichenjeza kuti malume amadana ndi munthu woyang'ana nthawi pamaso pa akulu, ndiye nthawi ndinkaiba m'ketulo ya tiyi yonyezimira, mmene wotchi yaikulu ya pageti inkaonekera chozondoka, moti sindinkadziwa ngati nthawiyo ikupita kutsogolo kapena ikubwerera. Anayamba moni. A Chisale anafunsa mmene a Kamanga adzukira, mmene adzukira akazi awo, mmene adzukira ana, ndipo a Kamanga ali ndi ana asanu ndi anayi, aliyense ndi dzina lake, kalasi yake ndi chifuwa chake, kenako a Kamanga anabweza moniwo, ndipo a Chisale, pokhala ahedi, anayankhira ana awo, ana a alongo awo ndi ana ena amene anangowaphunzitsa chabe. Pamene m'ketulo munaoneka kuti thwelofu yatsala pang'ono, iwo anali asanafike n'komwe pa nkhani ya mvula. Thukuta lili kamukamu, ndinawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunong'ona kuti ndikaone kuseri.

Nditangokhota pakona ndinaliyatsa liwiro. Askari ndinamupeza atayamba kale kutsegula kukamwa kwa chitsulo chija, ndinamufunsa mmene munthu amawonjezerera nthawi, iye anati chidindo cha kukhitchini. Kukhitchini mayi wina wonenepa anati chidindo sichiperekedwa kwa munthu wosadya, ndipo mbale imodzi ndi chidindo chimodzi, ine poganiza kuti zidindo zikachuluka nthawi ichulukanso ndinakhala pansi n'kudya machapati khumi ndi awiri, mwendo wonse wa mbuzi yowotcha, mbale zinayi za chimanga chophika pamodzi ndi nyemba chimene iwo amachikonda, nthochi phava lathunthu, mpaka lamba anaduka, batani la shati linauluka n'kukagwetsa khwangwala amene ankangodutsa za iye yekha, ndipo tikiti inada bii ndi zidindo moti nambala ya galimoto sinkaonekanso. Mukumva? Ndinakwawa kubwerera kwa askari, iye anaiyang'ana tikitiyo, anati zidindo n'zabwino ndithu, koma zimagwira ntchito pa mzere wobiriwira, ndipo galimoto yanga ili pa wachikasu. Ndinati ndiisunthe. Anati wosintha mzere ayambe watuluka. Ndinati ndituluke. Anati wotuluka salowanso. Ndinamufunsa kuti nanga chidindochi ntchito yake n'chiyani, iye anati n'chotsimikizira kuti ndadya.

Mutu unaima, a Banda, ndikunena zoona, ndinamva ngati ubongo wasanduka phala. Koma kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ndinagwada pansi, ndinalowetsa chikhadabo pansi pa mzere wobiriwira, n'kuusenda paphulapo ngati mmene timasendera luzi pamtengo, wonse wathunthu osaduka, ndinaukulunga pamkono, ndinauyala mozungulira galimoto yanga, ndipo wachikasuwo ndinakauyala pa galimoto ya mwini hotela. Askari anathamangira pachikwangwani, anawerenga ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, sanapeze poletsa kusuntha mzere, anakanda m'mutu n'kunena kuti chabwino, maola atatu, koma amawerengedwa kuyambira pamene ndinalowa. Mbuzi yonse ija inandigulira ola limodzi lokha.

Nditabwerera pakhonde ndinapeza afika pa maliro. A Chisale ankatchula amene anatisiya ku Dedza chichokereni a Kamanga kumudzi, ndipo maliro aliwonse ankafuna pepani wake, kupukusa mutu kwake ndi kachetechete wake, ndipo munthu sungafulumizitse akufa. Anandiyang'ana pamimba, anayang'ana pamene panali batani, n'kupitiriza kutchula maliro. Wani koloko itayandikira, tili pa maliro achisanu ndi chimodzi, ndinawombanso m'manja, kuseri kachiwiri.

Ulendo uno ndinati ndigule chibangili cha kubwalo la masewera kuti ndikhale wa mzere wofiira. Ndinachigula, ndinachivala, koma pofika poimika magalimoto ndinapeza askari uja ali ndi hamala m'manja, mizere yonse ataikhomerera pansi ndi misomali. Anandiseka, mano onse panja. Ine ndinabwerera pachikwangwani paja, ndinawerenganso kachinayi, maso anga anagwera pa mawu akuti galimoto yopezeka itaima, ndipo ndinati, chabwino, nanga yosaima? Chibangili ndinachikoleka pa kagalasi ka m'mbali kuti galimotoyo ikhale mlendo wodzasewera, ndinailiza, ndinadutsa pakati pa ngamila ziwiri, ndinakaikweza pa katungwe wozungulira uja wokhala ndi mahatchi amatabwa, pakati pa hatchi yofiira ndi bakha wamkulu, kanyimbo kanayamba, galimoto ya bungwe la mpingo inayamba kuzungulira mwaulemu wake ana akuiwombera m'manja, ndipo askari anaima pambali chitsulo chili yasa, tayala likamadutsa iye n'kuluma, koma ankangoluma mphepo. Ndikulumbira, mphezi indipeze pompano ngati ndikuwonjezera. Ndinamusiya akuluma mphepo choncho, ine n'kubwerera kukakhala mwaulemu.

Tsopano pakhonde paja kanyimbo ka katungweyo kankamveka chapansipansi, ndipo ine ndinkamvera nyimboyo ndi khutu limodzi, linalo ndikumvera mbiri ya fuko la a Chisale, imene inayambira kutali kwambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinkati ndikayang'ana a Kamanga kuti mwina alowetse nkhani yathu, iwo ankangogwedeza mutu akuviika bisiketi mu tiyi, ndipo ankalondola, chifukwa funso lija linali lisanabwere. Esitere anakweza maso kamodzi kokha, ndipo m'masomo ndinawerenga kuti ukadzukanso ndikupha. Nthawi yomweyo nyimbo inaleka. Woyendetsa katungwe anali atapita kukadya. Ndinawomba m'manja, kuseri kachitatu.

Pamenepo ndiye panali ntchito. Pakati pa bwalolo panali chigudumu chachikulu, chachitali kuposa nyumba zosanja za m'tauni, chokhala ndi madengu okweramo anthu, chimazungulira kukukwezani kumwamba n'kukutsitsaninso. Galimoto m'dengu sinkakwana, ndiye ndinavula tayi yanga, ndinamanga mbali imodzi ku bampala, inayo ku dengu, ndinakhala pachiwongolero, chigudumu chinanyamuka, galimoto n'kuyamba kukwera ikulendewera ngati mbuzi yosendedwa, ndipo nditayang'ana kumbuyo ndinaona askari walumphira m'dengu lotsatira, chitsulo chili m'khwapa. Ine kutsogolo, iye kumbuyo, ndikakhala kumwamba iye ali m'munsi, ndikatsika iye ali pamwamba panga, iye akukuwa kuti ndiime, ine ndikukuwa kuti aime ndiye, tinazungulira kasanu ndi kawiri mpaka tonse awiri sitinkadziwanso amene akuthamangitsa mnzake, moti ulendo wina anandipempha kuti ndimusiye apite, ali ndi ana. Mukumva? Ndipo kumwambako ndinaona zinthu. Ndinaona utsi wa mafakitale a ku Athi River uli pansi pa mapazi anga, ndinaona Roysambu yense ndi shati yanga imene ndinayanika pachingwe, ndinaona abwana anga ku Gigiri atakhala pakhonde akumwa tiyi moti ndinabisala pansi pa chiwongolero kuti asandizindikire, ndipo chigudumu chitafika pansonga penipeni ndinaona phiri la Dedza, pansi pake mayi ake a Esitere akuyanika ufa pamphasa. Anakweza mutu. Ine, podziwa kuti apongozi sayang'anidwa m'maso, ndinatembenuza nkhope n'kuwomba m'manja ndili mumlengalenga momwemo, ndipo iwo anayankha. Inu a Phiri, chikukusekeretsani n'chiyani? Munakwerapo?

Ndinalumpha kuchokera pamwambapo n'kutera pa linunda la ngamila, n'chifukwa chake ngamila imeneyo mpaka lero ili ndi malinunda awiri, ndinasiya galimoto ikuzungulira ndi askari wake, ndinakakhala pansi pakhonde wopanda tayi. A Chisale anayang'ana pakhosi panga n'kupitiriza nkhani. Tinali titafika pa nkhani ya mtengo wa fetereza, ine n'kuyamba kupuma bwino, mwadzidzidzi magetsi anazima, monga ankachitira masiku amenewo. Zokupizira mphepo zinaima, chigudumu chinaima, ndipo nditasuzumira ndinaona galimoto italendewera pansonga, itaima ndithu, askari akukwawa pazitsulo kuilondola, chitsulo chake ataluma ndi mano. Kuseri kachinayi. Sindikukumbuka ngati ndinawomba n'komwe m'manja.

Ndinakwera chigudumucho ngati nyani, ndinamupitirira askari pakati panjira n'kumupatsa moni, ndinalowa m'galimoto, ndinadula tayi ndi mano, tinagwera pa chimpita chachitali chokhotakhota chimene ana amatsetserekapo ndi madzi, tinatsetsereka, ine ndikuwongolera, ndikuliza hutala pakona iliyonse monga dalaivala wophunzira bwino, tinakagwera m'dziwe phava, galimoto inasambira chagada kuwoloka dziwelo, inatulukira tsidya lina, inadzikutumula ngati galu, n'kuyenda yokha kukaima pa mzere wake womwe uja. Madzi a m'dziwe anasanduka oyera ngati mkaka, koma ine sindinafunse chifukwa chake. Askari anatsika, anakhala pansi, anati sakudziwanso kuti galimotoyi ndi yodzadya, yodzasewera kapena yodzasamba, ndipo chikwangwanicho iyenso sanachimvetsepo chiyambireni ntchito, koma chimene akudziwa n'chimodzi: folo koloko ikangokwana chitsulo chiluma, kaya mzere ndi wa mtundu wanji. Panali patatsala mphindi khumi.

Ndinabwerera pakhonde ndili chonyowa, madzi akutuluka m'nsapato, ndipo ndisanakhale n'komwe bwinobwino a Chisale anatsokomola n'kunena kuti, "Kodi alendo athu, mwatiyendera?" Maola asanu ndi limodzi, abale, kudikira mawu amenewo! A Kamanga anaitula nkhani yonse m'mawu osakwana mpweya umodzi. A Chisale anayang'ana Esitere, anayang'ana chithaphwi chimene chinali pansi pa mpando wanga, kenako anati amva, koma yankho amuuza mwini wake panjira, atiperekeze kugalimoto.

Kuchokera pakhondepo kukafika poimika magalimoto unali mtunda ngati kuchokera pano kukafika pachigayo apo. Ine wothamanga ndikanafika musanaphethire. Koma wamkulu akamakuperekeza sumutsogolera, umayenda pambali pake, phazi lako kumbuyo kwa phazi lake, ndipo a Chisale ankayenda ngati akuwerenga miyala. Anaima kuyang'ana duwa. Anaima kupatsa moni munthu wosesa, amene sankamva n'komwe Chichewa. Patsogolo ndinkamuona askari atagwada pambali pa tayala, maso ali pa wotchi ya pageti, kumbuyo ndinkamva mapazi a Esitere ndi a Kamanga. Mapazi anga ankayabwa. Ndinali ndi mantha, a Banda, mantha enieni, osati a pa chigudumu aja, chifukwa ndinadziwa kuti ndikathamanga ndataya mkazi, ndikapanda kuthamanga bodza langa liyaluka, ndipo ndatayanso mkazi yemweyo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndinasankha kuyenda pambali pa nkhalambayo.

Ndipamene anatsitsa mawu kuti ena asamve. Anati, "Mwana wanga, ine ndinali mphunzitsi, ndimawerenga. Mwapita kuseri kanayi. Koyamba munabwerako mimba itatupa, kachitatu opanda tayi, komaliza mutanyowa thupi lonse. Matenda a m'mimba otere ine sindinawaonepo, ndipo mwana wa mlongo wanga sindingamupereke kuti akakhale namwino. Pepani, yankho langa ndi lakuti ayi."

Ndisanatsegule pakamwa, wotchi inalira folo, ndipo patsogolo pathu panamveka khwa! Chitsulo chinaluma. Tinaima tonse. Pachitseko cha galimoto chizindikiro cha bungwe chinali chikuwala padzuwa, njereza yonse itatsalira m'dziwe muja, ndipo askari anadzuka, anawerenga dzina la bungwelo mokweza ngati akulengeza kutchalitchi, n'kuuyamba ulendo wopita ku telefoni. Ndinagwada paphula pomwepo n'kunena kuti a malume, si m'mimba ayi, ndi galimoto, ndipo galimotoyo si yanga, ndine dalaivala chabe, tsiku lonseli ndakhala ndikuthawitsa tayala la eni ake.

A Chisale anayang'ana chitsulo, anayang'ana chitseko, anayang'ana ine. Anafunsa kuti, "Ndiye m'mimba muli bwinobwino?" Ndinati muli bwinobwino, mwalowa mbuzi yathunthu ndipo simunadandaule. Nkhalamba ija inayamba kuseka, inaseka mpaka ndodo inagwa, inakhala pansi pa mzere wofiira misozi ili mbwembwembwe, ndipo itapeza mpweya inati za udalaivala Esitere anawalembera kalekale, kalata yanga ija ankaiwerengera anzawo kumudzi akafuna kuseka, iwo chimene chinawaopsa ndi kuseri kuja basi. "Bodza limapola, mwana wanga, koma m'mimba ndinachita namo mantha. Dzukani, mutengeni. Koma cholembera chija mukachitaye." Mukumva, a Phiri? Chitsulo chimene ndinalimbana nacho kuyambira m'mawa ndicho chinandikwatitsa, ndipo chikanachedwa mphindi imodzi ndikanalowa m'galimoto yopulumuka n'kubwerera ku Roysambu wopanda mkazi. Zimenezi ndikaziganiza mutu umaimabe.

Galimoto inagona pamenepo masiku atatu. Ntchito inatha Lolemba m'mawa, abwana sanafune n'komwe kumva za chigudumu. Tsiku lomwelo la Loweruka tinabwerera pa matatu, minibasi za kumeneko, ine nditapindika pakhomo chifukwa mpando ndinasiyira a Kamanga, Esitere akunamizira kuyang'ana pawindo koma mapewa akugwedezeka.

Tsopano mutha kupita kukawafunsa mayi a kunyumba. Koma ndikuchenjezeni, iwo ali ndi nkhani yawoyawo. Adzakuuzani kuti galimotoyo sinasunthe n'komwe pa mzere wachikasu, kuti machapati ndinadya awiri okha, kuti maulendo anayi onse aja ndinkakagwadira askari mpaka anandimvera chisoni n'kumandiwonjezera ola limodzilimodzi, kuti tayi ndinamupatsa iyeyo ngati chiphuphu, ndiponso kuti kunyowa kuja ndinagwera m'kadziwe ka ana pothawa ngamila imene inkangofuna kundinunkhiza. Musawatsutse, ndi akuluakulu. Koma dzifunseni nokha: munthu amene anakhala tsiku lonse pakhonde maso ali pansi, akanaona bwanji zochitika kumwamba?

Chimene sangakane n'chakuti chitsulo chinaluma, ndipo lero akusankha nyemba pakhonde langa. Inu a Phiri anakumangirani tayala ku Limbe, mwabwerako ndi chiyani? Lisiti. Takatani bawoyo, ndi nthawi yanu, pano palibe askari.